Maina a pa Zitini

Mapalo, bwera nacho kuno chipepalacho. Ayi, usandiwerengere, maso afooka koma zilembo sizinandithawe. Akuti aliyense alembe masomphenya a moyo wake, chimene Mulungu anamulengera. Abusa anu a achinyamata afunsa bwino. Ndiye iwe waona kuti ubwere kwa ine, kuti agogo, anu anali otani. Khalani pansi nonse, poti magetsi apita ndipo mafoni anu afa ndi njala. Dalitso, chotsa mapazi pa chitini icho, muli penti. Ndikuuzani, koma si nkhani yokoma, ndipo atate anu sakonda kuti izinenedwa.

Ine ndinabadwira ku Katete, kumene inu mumakana kupita chifukwa kulibe netiweki. Kusukulu sindinali wanzeru. Masamu ankandizunguza mutu, Chingerezi chinkandikola pakhosi. Chimene ndinali nacho ndi dzanja. Tinkayamba kulemba pa mchenga ndi chala, kenaka pa sileti, kufufuta ndi malovu. Pensulo imodzi aphunzitsi ankaidula patatu, ndipo ukataya kako unkalira ngati wataya mbuzi. Aphunzitsi akafuna kulemba nyimbo pa bolodi ankaitana ine, chifukwa zilembo zanga zinkaima mofanana ngati mizere ya chimanga. Sindinkachiyesa kanthu. Mumtima mwanga ndinkafuna kukhala mlaliki. Kunkabwera mlaliki wina pa njinga, wa jekete loyera, akayankhula amayi ankalira, amuna kutaya fodya. Ndinkati Mulungu akaitana munthu amamuitana choncho, kumuimika kutsogolo kwa anthu.

Ku Lusaka ndinabwera ndili mnyamata, pa basi, msewu udakali wa fumbi. Masiku awiri panjira. Amayi anandimangira mbatata yowotcha ndi mtedza m'kansalu. Pa mapiri a ku Luangwa basi inkakwera ikulira, ife amuna kutsika n'kumayenda pambali ndi miyala m'manja, kuti ikabwerera m'mbuyo tiitchinge. Inu lero mumanyamuka m'mawa, madzulo mwafika, n'kumadandaula kuti msana. Ndinafikira kwa malume kuno ku komboni ya George, nyumba ya zidina zosawotcha, malata opanikiza ndi miyala. Malumewo ndiwo anandipezera ntchito ku kampani ya mabasi. Poyamba ndinkasesa. Tsiku lina kapitawo anandipeza ndikulemba dzina langa ndi choko pa chitseko cha galaja. Ndinati andichotsa ntchito. Iye anangoyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa bulashi.

Kalelo kunalibe makina osindikiza amene akutulutsa zikwangwani lero. Chilichonse chinali dzanja. Unkajambula mizere iwiri ndi ulusi wopaka choko, kuukoka n'kuusiya, phaa, kenaka zilembo pakati. Bulashi yabwino inali ya ubweya wofewa, ndipo ukamaliza unkaitsuka m'palafini, kuipaka mafuta, kuikulunga m'pepala ngati khanda. Ndinalemba Matero, Chawama, Kanyama, Mtendere, Kalingalinga, kutsogolo kwa mabasi ambirimbiri. Ndinkati ndikaima pa siteshoni, tauni yonse ikuthamangira zilembo zanga.

Masiku amenewo ndalama inali ndi mphamvu. Ndinapita kumudzi kukatenga agogo anu aakazi, a Esinati. Inu munawadziwa atakalamba, akungokhala chete pakhomo apo. Kale sanali otero. Ankaseka mpaka kugwira khoma, ankaimba akuchapa. Tinabereka atate anu, Yohane, ndipo patapita zaka zinayi tinabereka mwana wamkazi, Faidesi. Musayang'anane. Ndikudziwa kuti simunauzidwe. Ndi kumene ndikupita.

Kutchalitchi ndinali wokhulupirika, ndipo za ulaliki zija sizinandichoke. Ndinavutitsa akulu a mpingo mpaka anandipatsa Lamulungu limodzi. Ndinakonzeka mwezi wathunthu. Nditaima kutsogolo n'kuona maso onse aja, lilime linauma ngati chikopa. Ndinawerenga vesi, ndinaibwereza, ndinaibwerezanso. Ana anayamba kuseka. A Mwanza, mkulu wa mpingo, anayambitsa nyimbo kuti andipulumutse. Potuluka anandigwira paphewa.

"A Sakala, musadandaule. Inu muzitilembera manambala a nyimbo pa bolodi. Dzanja lanu ndi labwino."

Ananena mwachifundo, koma kwa ine zinali ngati andimenya mbama. Ndinati basi, Mulungu ali ndi anthu ake amene amawapatsa ntchito, enafe anatilenga ongodzaza mabenchi.

Kenaka dziko linayamba kutsetsereka. Silinagwe tsiku limodzi ayi. Tinangoona sopo wasowa, mawa saladi, mafuta ophikira aja, mkuja shuga. Agogo anu ankapita kukaima pa mzere wa ufa ndi Faidesi kumsana, dzuwa kuwatulukira pamenepo mpaka kufika pamutu, n'kuuzidwa kuti watha. Ukaona mzere unkangoimapo, n'kufunsa pambuyo kuti akugulitsa chiyani. Kunabwera ufa wachikasu, wonunkha thumba, ana ankaukana tsiku loyamba lokha. Buledi anasanduka chakudya cha odwala. Ndiwo zinali masamba a chiwawa ophika ndi mchere basi, ndipo makala tinkagula a m'kapepala, okwanira mbaula kamodzi. Inu mumati vinthu vadula, vinthu vadula, ndi chinyanja chanu cha m'tauni. Kudula n'kwabwino, chinthucho chilipo. Ife tinaona mashelefu opanda kanthu, wogulitsa atakhala pakati pake akuwodzera.

Ku ntchito mabasi anayamba kufa. Ina ikawonongeka ankachotsa chitsulo pa inzake, mpaka bwalo lonse linadzaza mabasi okhala pa miyala, udzu ukumera m'kati. Zilembo zanga zinali pomwepo, Matero, Chawama, koma osapita kulikonse. Tsiku lina anatiitana n'kutipatsa makalata. Amuna aakulu, a imvi, anakhala pansi pa geti osadziwa kolowera. Ine ndinatuluka ndi mabulashi anga atatu m'thumba la ovolosi.

Ndinayamba kuyenda m'makomboni kufunafuna maganyu. Amene anali ndi chofuna kulembetsa masiku amenewo anali a mabala ndi a mashabini, chifukwa dziko likamavuta mowa ndiwo umayenda malonda. Ndinkalemba dzina la bala, kujambula botolo ndi mkazi wovina, ndipo eni ake ankati, ba Sakala, ndalama kulibe, imwani chabe. Ndinayamba ndi chikho chimodzi chochotsa ludzu. Pasanathe chaka ndinali munthu wa kachasu. Kutchalitchi ndinasiya. Bolodi la nyimbo analemba ena. Agogo anu anayamba kuswa miyala m'mphepete mwa msewu, ndi kanyundo komangirira mphira, kuti ana adye. Zala zawo zija zopindika, zimene iwe Mapalo unkasewera nazo uli wamng'ono, zinapindikira pamenepo.

Inali nyengo ya mvula. George mumamudziwa mvula ikagwa, koma lero kuli ngalande ndi mipopi. Kale madzi ankadzaza m'njira mpaka m'mawondo, zimbudzi kusefukira, ndipo zitsime zathu zosaya zinali pomwepo. Anthu anayamba kutsegula m'mimba. Tinamva kuti kolera, koma tinkati ili kwa ena.

Sabata imeneyo ndinapeza ganyu ku Chazanga, bala yatsopano. Inali ntchito ya tsiku limodzi. Ndinakhalako masiku anayi, kugona pa benchi, kumwa malipiro anga. Tsiku lachisanu m'mawa ndinabwerera, mutu ukuwawa, ndili ndi kathumba ka ufa kakang'ono koti ndikapepesere. Nditafika pakhomo ndinapeza chitseko chotseka, pansi ponse poyera ndi mankhwala onunkha aja amene ankawaza. Mphasa ndi mabulangete zinali zitatenthedwa pabwalo. Anansi ankandiyang'ana ali m'makomo mwawo. Palibe anandipatsa moni.

Amene anabwera ndi a Daka, a nyumba yoyandikana nafe. Anandikokera kuseri.

"A Sakala, munali kuti? Tinatuma anthu mbali zonse."

"Kwachitika chiyani?"

"Amake Yohane ali ku tenti ya odwala, ku kiliniki. Ali moyo. Yohane ali kwathu, sanadwale." Anaima pamenepo, n'kuvula chipewa. "Koma kamwana katisiya. Kanayamba Lachiwiri masana, Lachitatu kunalibe. Anakaika dzulo."

Maliro a kolera sankalira. Sankalola kusonkhana, sankalola kusambitsa, ngakhale kuona nkhope. Ankakulunga m'pulasitiki, kuika pa lole, a zaumoyo okhaokha atavala magolovesi. Kwathu ku Katete okumba manda timawatcha adzukulu, dzina lomweli ndimakuitanirani inu, chifukwa ndi anthu apafupi, oseka nawe, odziwa mzere wa makolo ako kuti wagona pati. Mwana wanga anaikidwa ndi anthu osamudziwa dzina. A Daka okha ndiwo anakwera nawo loleyo. Anaima patali, ndipo onse atachoka anazika kamtengo, n'kubayapo kachidutswa ka katoni kamene analembapo ndi khala.

Tsiku lomwelo a Daka ananditengera kumanda aakulu aja a kuseri kwa Matero. Ndinauona mtumbirawo. Unali waufupi, dothi lofiira, lonyowa. Ndinaona katoni ija, zilembo zokhota za a Daka, Faidesi atalemba molakwika. Mverani bwino apa, ana inu, chifukwa ndi pamene pali tchimo langa. Ndinaima pamenepo n'kunena kuti, mwana wanga sangagone pansi pa katoni, ndibwera ndi chikwangwani cha lata, ndilemba bwino kuposa zonse ndinalembapo. Ndinanena ndi mtima wonse. Koma pobwerera ndinaganiza za nkhope ya amake, kuti ndikawauza chiyani, ndipo miyendo inandipititsa ku shabini. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinkati mawa, mawa. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku.

Agogo anu anatuluka ku tenti ataonda ngati bango. Anakhala masiku ambiri osatha kuyenda. Tsiku limene anatha kuimirira, anamanga chitenje n'kunena kuti, "Atate ake Yohane, ndiperekezeni kwa mwana wanga."

Panali patapita masabata atatu. Titafika sindinapazindikire. Pamene panali mzere umodzi panali mizere yambiri, mitumbira yaifupi yokhayokha, yonse yofiira, yonse yophwanyika ndi mvula. Timitengo tina tinagwa, tina tinakokoloka. Makatoni anasungunuka. Ndinapita uku, ndinabwerera, ndinati pafupi ndi chulu, koma zulu zinali zitatu. Tinakatenga a Daka, nawonso anazungulira mpaka anakhala pansi. Okumba manda anati, ba tate, taika bambiri, sitingazibe. Ku ofesi anatsegula buku, munali dzina, koma pansi panalibe chosonyeza kuti nambala iyi ndi mtumbira uti.

Agogo anu sanalire. Anayenda mzere uliwonse, kuima pa mtumbira uliwonse, ngati akumvetsera. Dzuwa litapendeka anabwera pamene ndinaima.

"Mabasi onse a m'tauni muno munawalemba kumene akupita," anatero. "Mabala onse munawalemba. Mwana wanu mmodzi."

Sanabwerezenso mawu amenewo mpaka imfa yawo. Koma kuyambira tsiku limenelo kuimba kunatha m'nyumba muno. Ankandiphikira, ankandichapira, ankandiyankha ndikafunsa. Kundiyang'ana m'maso ayi.

Mowa ndinasiya, koma musaganize kuti ndinasiya chifukwa cha kulapa. Unkangondibwerera kukhosi. Ndinayamba kupita kumanda tsiku lililonse. Ndinkanyamuka ndi kachikwama ka mabulashi ngati ndikupita ku ganyu, n'kukathera kumeneko, kuyenda m'mizere ija. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza. Kupemphera sindinkatha. Ndinkangoti, Mulungu, munandikana ndili wabwino, lero ndine uyu, mukundisungiranji. Masiku ena ndinkayang'ana dzenje lokumbidwa kale n'kumaliona ngati bedi.

Tsiku lina, mvula itayamba kutha, ndinapeza mayi wina wokalamba atakhala pansi pambali pa mtumbira watsopano. Anali yekha. M'manja anali ndi chivundikiro cha poto ndi msomali, akukanda. Ndinadutsa, koma anandiitana.

"Ba tate, muziba kulemba imwe?"

Ndinaima. Ndinafuna kunama.

"Pang'ono," ndinatero.

"Nilembeleniko zina ya mwana wanga. Ine sininapite ku sukulu. Nayesa kukopela pa kadi yake, koma vikana."

Anandionetsa chivundikirocho. Panali mikwasa yokhayokha, ngati nkhuku yapalasa. Anati mwanayo anali womaliza mwa ana ake, anamuika dzana, abale onse abwerera ku Kabwe, ndipo iye akuopa kuti akadzabweranso sadzapapeza. Ndinakhala pansi. M'chikwama munali kachitini ka penti yoyera yotsala ku bala ija ya ku Chazanga, itayamba kuuma. Ndinaisungunula ndi madontho a palafini. Ndinapukuta chivundikirocho ndi malaya anga, n'kufunsa dzina. Anati Bonifasi. Ndinaviika bulashi m'penti. Ndinalemba pang'onopang'ono, mayiyo akuyang'ana chilembo chilichonse.

Nditamaliza anati, "Nibelengeleni."

Ndinawerenga. Anati ndibwereze. Ndinabwereza. Kenaka anatenga chivundikirocho ndi manja awiri, penti isanaume, n'kunena chapansipansi kuti, "Ni yeve uyu." Ndipo analira, kulira kumene ndikuganiza kuti anakusunga kuyambira tsiku la maliro. Ine ndinapita kukafuna mtengo wolimba, ndinakhomera ndi msomali wake uja, n'kuzika mozama, kutsendera ndi miyala.

Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Sindinalote loto. Ndinangoti nditaimirira n'kuyang'ana uku ndi uku, ndinaona zimene ndinakhala ndikuziponda masabata onse aja osaziona: makatoni, makatoni, timitengo topanda kanthu, mbale yobooka, nsapato ya mwana yoikidwa pamwamba kuti amake adzazindikire. Onsewo anali kudikira mvula yotsatira kuti atayike ngati wanga. Ndipo m'manda monsemo munthu wodziwa kulemba pa chitsulo, amene analibe kwina kopita, ndinali ine.

M'mawa mwake ndinatola zitini za mafuta ku dzala la kumsika. Ndinazidula ndi tchizulo, kuziwongola ndi nyundo pa mwala uwo wakhalira iwe Dalitso, kupinda m'mphepete kuti zisacheke munthu, kupaka penti yakuda pansi, n'kunyamula. Ndinakhala pa chipata cha manda. Maliro akafika opanda chikwangwani, ndinkapita kwa mwamuna wamkulu n'kufunsa dzina. Amene anali nako kanthu ankandipatsa ka penti. Amene analibe ndinkawalembera chimodzimodzi. Chakudya cha pakhomo chinkachokerabe ku miyala ya agogo anu ndi tizikwangwani ta tuntemba, timashopu ta m'mbali mwa msewu tija, timene ndinkalemba popita ndi pobwera. Za mabala ndinasiyiratu.

Ndikanadziwa zimene zinkabwera, kaya ndikanalimba mtima. Kolera inapita, koma kunabwera matenda aja ena, oondetsa, amene sitinkawatchula dzina. Tinkangoti wadwala nthawi yaitali. Inu lero mumaona anthu akumwa mapiritsi n'kumanenepa, kukwatira, kubereka. Nthawi imeneyo kunalibe. Malole ankalowa pa chipata motsatizana, nyimbo ya maliro awa kusakanikirana ndi ya awo. Anali anyamata ndi atsikana, aphunzitsi, madalaivala, anthu amene anayenera kutiika ife. Ndinkalemba chaka chobadwa ndi chaka chomwalira, ndipo ngakhale ine wolephera masamu ndinkaona kuti pakati pake m'pafupi. Ndinalemba mwamuna, patapita miyezi mkazi wake, kenaka khanda lawo. Ndinalemba mng'ono wanga amene ndinamuitana ndekha kuchokera kumudzi. Ndinalemba ana awiri a a Daka. Zitini zinachepa, ndinayamba kudula migolo, zitseko za mafiriji akufa, ngakhale malata a mabasi athu aja atagulitsidwa kwa a zitsulo zakale.

Musaganize kuti anthu ankandiyamika. M'komboni anandipatsa dzina, Kalembera wa Akufa. Ana ankathawa ndikamadutsa. Ndikapita kukazonda wodwala, achibale ankanditsekereza pakhomo, amvekere wagona, chifukwa ankati ndabwera kudzatenga dzina. Mayi wina anandilalatira pa mpopi kuti ndine mfiti, ndimakhwimira maliro kuti ntchito iziyenda. Atate anu anamenyana kusukulu chifukwa cha ine, ndipo kwa zaka zambiri sankafuna kuyenda nane njira imodzi. Sindiwaimba mlandu. Kunabweranso akuba zitsulo, ozula zikwangwani kukagulitsa pa sikelo. Ndinkapeza mzere wonse wazulidwa. Pamenepo ndinayamba kuloweza, mzere uno woyamba ndi uje, wachiwiri uje, kuti akazula ndilembenso. Mpaka lero mukandidzutsa ndikhoza kukutchulirani mizere ya kumunsi kuja ngati nyimbo.

A Mwanza, mkulu wa mpingo uja, anandipeza pa chipata tsiku lina atabwera kudzaika mpongozi wawo. Anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anakhala pa chitini pambali panga mpaka ndinamaliza.

"A Sakala, tikukusowani ku tchalitchi."

"Ine ndine wodetsedwa, akulu. Mukudziwa zimene ndinachita."

"Ndikudziwa. Komanso ndikuona zimene mukuchita." Analoza manda ndi ndodo. "Munkafuna mpingo woti muziimirira patsogolo pake. Ife timalalikira kuti Mulungu amadziwa munthu aliyense ndi dzina lake, ndipo anthu amagwedeza mitu n'kupita. Amasiye awa amazimva kwa inu. Bwerani Lamulungu, bolodi lija likulembedwa moipa."

Ndinapita. Ndinakhala kumbuyo. Patapita miyezi ndinaimirira pamaso pa mpingo n'kuulula zonse, ndipo tsiku limenelo lilime silinaume.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene sindifuna muchoke nacho molakwika. Sindikunena kuti Mulungu anatenga mwana wanga kuti andipatse ntchito. Munthu akadzakuuzani zotere, ngakhale atavala suti yotani, mumuthawe. Faidesi anafa ndi madzi oipa. Manda ake anatayika ndi mowa wanga. Zimenezo sizisintha, ndipo zikwangwani zonse ndinalemba sizinalipire. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa bwinja limenelo Mulungu sanandisiye. Anatenga dzanja lomwelo limene ndinkalinyoza, limene linalephera mwana wanga, n'kulipatsa chochita. Ine ndinkayembekeza kuti kuitanidwa kudzabwera ndi jekete loyera. Kunabwera ndi mayi wosadziwa kulemba.

Agogo anu sananenepo kanthu za ntchito imeneyi, zabwino kapena zoipa. Ndinkasula zitini pabwalo, iwo akudutsa ngati palibe munthu. Zinatha zaka, sindikudziwa zingati. Tsiku lina ndikuchokera kumanda ndinapeza pa mwala wanga pali zitini ziwiri za saladi, zotsukidwa bwino ndi phulusa, zoyanikidwa chozondoka. Ndinafunsa atate anu, anati si iwo. Agogo anu anali kuseri akusankha nyemba. Sanadzutse mutu. Kuyambira pamenepo, akapeza chitini kumsika ankabwera nacho. Kukhululuka kwawo kunafika pamenepo, ndipo ine sindinapemphe koposa.

Matenda awo omaliza mukuwakumbukira, Mapalo unali utayamba sukulu. Anatupa miyendo, mtima unkalephera. Masana ena anandiitana m'chipinda. Anali atatsamira pilo, akupuma movutika.

"Atate ake Yohane, muli nalo lata labwino?"

"La chiyani?"

"Musandifunse ngati mwana. Ndikufuna mulembe ndikuona. Sindifuna za mawa."

Mawu amenewo anandilasa, koma anali ndi ufulu wowanena. Ndinakatenga chidutswa cha mgolo chimene ndinasunga, chokhuthala, chopakidwa kale. Ndinakhala pansi pambali pa bedi, kukoka mizere, n'kulemba dzina lawo. Ankayang'ana. Nditafuna kutsuka bulashi anandigwira mkono.

"Simunamalize. Pansi pakepo mulembe mwana."

Ndinati, "Amake Yohane, mwanayo sadzakhala mmenemo. Tidzakhala tikunamiza anthu."

"Nanga ali kuti? Mundionetse." Mkono wanga sanausiye. "Anachokera mwa ine. Kumene ndikagone ine, ndi kumene azikamufunira. Ndatopa kumusiya kunja."

Ndinalemba. Mwa zikwangwani zonse za moyo wanga, chimenecho ndicho chokhota. Chilembo choyamba chinapendekeka, penti inayenderera, chifukwa sindinkaona bwino. Ndinati ndifufute ndiyambirenso, iwo anakana. Anati ndiwerenge. Ndinatchula dzina la mwana wathu mokweza m'nyumba muno, koyamba kuchokera tsiku limene tinamusowa. Agogo anu anandiyang'ana m'maso, nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mwachedwa, koma mwalemba." Anamwalira patapita masabata awiri.

Atate anu atapeza bwino anafuna kuika mwala wamtengo wapatali, wosema ndi makina. Ndinawauza kuti aike, koma latalo lisachoke. N'chifukwa chake lilipobe kumutu, ndipo inu mukapita kukalimira mumaliona, n'kumaganiza kuti Faidesi linali dzina lina la agogo anu. Ayi. Ndi azakhali anu. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anali atangoguluka mano awiri akutsogolo, ankaopa atsekwe a kwa a Daka, ndipo ndikamabwera ku ntchito ankandinunkhiza manja kuti adziwe mtundu wa penti umene ndagwira. Ankalakwitsa nthawi zonse, ankati yofiira.

Loweruka tipite limodzi. Ine maondo sakundilola kugwada, ndiye udzu muzula ndinu. Mukamaliza, mmodzi wa inu awerenge maina onse awiri, mokweza, kuti ndimve.